Nyimbo Yomwe Inaposa Filimu Yake

Filimu ya Dangerous Moonlight, yomwe inatuluka ku Britain mu 1941 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, ambiri anaiiwala kalekale, koma nyimbo yake, Warsaw Concerto, ikumvekabe. Eni filimuyo ankafuna nyimbo yonga za Rachmaninoff, choncho Richard Addinsell anapeka yakeyake ya piyano ndi gulu la zida zoimbira, yosakwana mphindi 10, yotsekemera mopitirira pang'ono kunena zoona. Amene anagawira zidazo mbali zake ndi Roy Douglas, yemwe satchulidwa kawirikawiri. Anthu atakhamukira malekodi a nyimboyi, ena anatengera: Hubert Bath ndi Cornish Rhapsody mu 1944, kenako Charles Williams ndi The Dream of Olwen mu 1947. Ya Williams inatchuka mpaka filimu yake, While I Live, anaitulutsanso m'dzina la nyimboyo.

— Wolemba za Nyimbo