Kasitomala wa mapulogalamu athu ali pa City Market

Moto umene unabuka pa City Market mu Lusaka m'bandakucha wa pa 4 Julaye 2017 unanyeketsa mabelo a salaula, nsapato, mafoni, zitenje ndi mpamba wa mabanja ambirimbiri. Zimenezi zinalembedwa m'manyuzipepala ndipo andale anazikamba kwa masabata. Koma panapsanso chinthu china chimene sichinawerengedwe: mabuku aja a chikuto cholimba amene amalonda amasunga pansi pa thebulo, momwe amalembamo amene watenga katundu pa nkhongole, tsiku lobweza, ndi ndalama za chilimba. Katundu munthu akhoza kukaodanso akapeza pogwira. Buku la nkhongole likapsa, umangodalira chikumbumtima cha amene unawakongoza.

Ndikukumbutsa zimenezi chifukwa cha achinyamata athu olemba mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni. Chaka ndi chaka UNZA, CBU, Evelyn Hone ndi masukulu ena akutulutsa anyamata ndi atsikana odziwa ntchitoyi, ndipo poti ntchito za m'maofesi n'zosowa, ambiri akuganiza zoyamba kabizinesi kawokawo. Akuchita bwino. Kuyambira mu 2011 pamene Lukonga Lindunda, Simunza Muyangana, Silumesii Maboshe ndi Bart Cornille anatsegula BongoHive, wachinyamata wotere ali nako koti akakumane ndi anzake ndi kuphunzira za bizinesi. Luso lilipo, sindikayika. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akakhala pansi kuganiza za munthu wodzagula pulogalamu yawo, m'maso mwawo mumabwera bwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, wa khadi la ku banki ndi intaneti ya m'nyumba, wofuna kuti chakudya kapena galimoto zimupeze pageti.

Makasitomala amenewo alipo, koma ndi ochepa, ndipo ndi omwewonso amene makampani akuluakulu akunja akuwalimbirana. Kampani ya kuno ya Ulendo inali itayamba kale kunyamula anthu mu Lusaka pamene Yango inafika mu 2022 ndi chuma chimene kampani ya kuno singachione. Mnyamata wa laputopu imodzi ku Chelstone sangapambane pa mpikisano wotere.

Tsono tabwerani pa Lumumba Road. Mayi wogulitsa nsapato pa City Market ali ndi mafunso amene amamusowetsa tulo. Mu katoni ija mwatsala mapeya angati? Ndani sanamalize kulipira kuyambira mwezi watha? Pamene iye anali pa ulendo wa ku Nakonde kukaoda katundu, mtsikana amene anamusiya pa shopu anagulitsa zingati, ndipo ndalama zake zikugwirizana ndi katundu amene wachoka? Pa chilimba cha anthu khumi ndi awiri, sabata ino akulandira ndani, nanga ndani wadumphitsa? Zonsezi pakali pano zili m'mutu ndi m'buku. Wophunzira wa chaka chachitatu akhoza kulemba pulogalamu yoyankha mafunso amenewa, n'kumasunga zolembazo kwina kumene moto kapena wakuba foni sangazifikire. Chovuta ndi kudziwa mmene malondawo amayendera: kuti mtengo umasintha malinga ndi mmene mwanenererana, kuti kasitomala wakale amapatsidwa mbasela, kuti wina amalipira theka ndi ndalama za m'manja, theka pa Airtel Money kapena MTN MoMo, kuti dzina lolembedwa m'buku nthawi zambiri ndi "amake uje" osati la pa NRC. Kampani ya ku London kapena ku Johannesburg siidzatuma munthu kudzakhala pa benchi tsiku lonse kuti aphunzire zimenezi. Mwana wokulira ku Kabwata, amene mayi ake kapena azakhali ake ndi a pamsika, anazidziwa asanayambe n'komwe sukulu. Apa ndiye pamene ali ndi mphamvu kuposa wina aliyense, ndipo zimandipweteka kuona akuzinyoza ngati ntchito yaing'ono.

Mbiri ya Zoona, kampani yotumizira ndalama, ili ndi phunziro. Abale awiri, Brad ndi Brett Magrath, anaiyamba mu 2009, ndipo anthu anaikhulupirira chifukwa pa kabuthi kalikonse panali munthu amene umamuona nkhope, wolankhula chilankhulo chako, amene mawa ukhoza kumupezanso pomwepo. Pambuyo pake eni manetiweki anadzaza misewu ndi mabuthi awo, ndipo mu 2022 kunamveka kuti Chipper Cash ikugula Zoona. Wachinyamata asalimbane ndi Airtel, MTN kapena Zamtel pa ntchito yonyamula ndalama. Amange pamwamba pa njira zimene iwo analambula kale, ndipo asaiwale kuti chimene chinagulitsa Zoona chinali munthu wa pabuthi uja.

Pulogalamu ya pamsika iyenera kupirira moyo wa pamsika. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene magetsi ankayaka maola atatu okha pa tsiku m'madera ambiri. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse, yodya bandulo ndi batire, yolemera moti itel kapena Tecno yotchipa singaikwanitse, idzachotsedwa m'foni sabata isanathe. Izigwira ntchito popanda netiweki, n'kumatumiza zolembazo ikaipeza. Izilankhula Chinyanja ndi Chibemba, ndi zilembo zazikulu zoti mayi wa zaka makumi asanu aziona ali padzuwa.

Pa mtengo ndi pamene ambiri amaphonya. Amatengera makampani akunja, n'kumafuna ndalama ya chaka chonse nthawi imodzi. Munthu wa pamsika sagula motero. Monga mmene ufa umagulidwira pa kapamela, pulogalamunso igulitsidwe pang'onopang'ono, pa sabata, kulipira kwake pafoni, mwezi woyamba n'kukhala mbasela. Tiyerekeze kuti amalonda 200 akulipira K20 pa sabata: imeneyo ndi K4,000 sabata iliyonse. Pachoke za seva, zimene zimalipidwa m'madola pamene kwacha imasinthasintha, pachoke thiransipoti ndi thokotaimu. Si chuma chogulira nyumba ku Kabulonga, koma ndi bizinesi yeniyeni, yoposa kuyembekezera mphoto za mipikisano kapena azungu oika ndalama amene mwina sadzabwera.

Amalonda 200 amenewo sangapezeke pa Facebook. Amapezeka poyenda mzere ndi mzere, kupereka moni, kuyamba ndi atsogoleri a pamsika, kukhala pansi ndi mayi mmodzi mpaka atazolowera, chifukwa iyeyo ndiye adzauze woyandikana naye. Anyamata okonza mafoni ndi oika nyimbo m'mamemori khadi ali kale ndi chikhulupiriro cha amalonda. Apatseni kangachepe pa kasitomala aliyense amene amubweretsa. Ndipo nambala ya WhatsApp imene mwapereka muziyankha, ngakhale Loweruka madzulo. Ambiri mwa achinyamata athu amakonda kulemba code kuposa kulankhula ndi anthu, koma pa bizinesi yaing'ono wolemba, wogulitsa ndi wokonza zikavuta ndi munthu mmodzi yemweyo.

Pali funso limodzi limene wamalonda adzafunsa ndithu: kodi zimene ndikulembazi sizikafika ku ZRA kapena ku khansolo? Muyankheni zoona. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo amene akusunga maina ndi manambala a makasitomala a anthu ena ayenera kuliwerenga asanayambe. Lembetsani bizinesi ku PACRA, tengani TPIN. Amene akufuna makasitomala okulirapo ayang'ane ku mahosela a ku Kamwala, poti kuyambira mu 2024 ZRA inalamula olembetsa VAT kuti azigwiritsa ntchito Smart Invoice, ndipo mapulogalamu a m'mashopu amayenera kulumikizidwa nayo. Imeneyo ndi ntchito yoti ana a kuno aigwire.

Kwa inu amayi ndi abambo a pamsika: mwana akabwera ndi pulogalamu imene yakuthandizani, mulipireni. Musamuuze kuti poti ndi mwana wa anzanu akuchitireni ulere, chifukwa akaleka n'kukalowa ntchito ku banki, simudzakhalanso ndi womuimbira foni ikavuta. Ndipo inu achinyamata, musanalembe mzere woyamba wa code, kwerani minibasi Lolemba m'mawa, mukapemphe wamalonda mmodzi pa City Market kuti akuonetseni buku lake.