Nsomba ya ku Chesapeake Yayambanso Kuchepa

Kum'maŵa kwa dziko la United States kuli malo otchedwa Chesapeake Bay, pamene nyanja yamchere ya Atlantic inaloŵerera kumtunda makilomita oposa 300, m'zigawo za Maryland ndi Virginia. M'madzi amenewo muli nsomba yamizeremizere imene eni dziko amaitcha striped bass, ena amati rockfish. Nsombayi imakulira m'madzi amchere, koma pofika miyezi ya Epulo ndi Meyi imakwera mitsinje monga Potomac ndi Choptank kukaikira mazira, monga momwe achitira mpasa wathu mumtsinje wa Bua. Zambiri mwa nsomba za mtundu umenewu zopezeka m'mbali mwa nyanja ya Atlantic zimabadwira kumeneko.

Nsomba imeneyi inatsala pang'ono kutha. M'chaka cha 1973 asodzi a malonda anagwira matani oposa 6,000, koma pofika 1983 sanathe kufikitsa ngakhale matani 1,000. Pamenepo akuluakulu anachita chinthu choŵaŵa. Mu 1984 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lokakamiza zigawo zonse za m'mbali mwa nyanja kutsata malangizo amodzi, ndipo kuyambira mu 1985 Maryland inaletseratu kugwira nsombayi. Virginia inatsatira mu 1989. Mabanja amene ankadyera ukonde anadandaula, ndipo kudandaula kwawo kunali komveka.

Chimene chiyenera kuyamikidwa pa chiletso chimenechi ndi nzeru imene inali pansi pake. Nsomba yaikazi ya mtundu umenewu siikira mazira msanga. Imatenga zaka zinayi, kaŵirikaŵiri kuposa pamenepo. Tsono akatswiri anaika maso awo pa nsomba zobadwa mu 1982, nati zimenezi zisaphedwe kufikira zitaswana ngakhale kamodzi. Pamene nsombazo zinkakula, nawonso muyeso wa nsomba yololedwa kutengedwa unkakwezedwa, kotero kuti mbedza ndi ukonde zinkatsalira m'mbuyo mwa msinkhu wake. Usodzi unatsegulidwanso mu 1990, ndipo mu 1995 kunalengezedwa kuti nsombayi yabwerera mwakale.

Komatu mu 2019 kafukufuku anasonyeza kuti nsomba zazikazi zoswana zachepanso kupitirira muyeso. Ulendo uno chala sichingaloze asodzi a malonda okha ayi. Nsomba zochuluka koposa zikufera m'manja mwa anthu oŵedza mongosangalala, amene amapita panyanja ndi mbedza ndi bwato la injini pa masiku opuma. Ambiri mwa iwo amadziteteza ponena kuti nsomba akaigwira amaibwezera m'madzi. Mawu okoma ndithu, koma akatswiri amaŵerengera kuti pa nsomba 100 zobwezedwa, 9 zimafabe chifukwa cha bala la mbedza ndi kutopa, makamaka m'nyengo yotentha. Mwana wa sukulu amene anaphunzira kuchulukitsa angaone yekha chimene chimatuluka ngati nsomba zobwezedwazo zili mamiliyoni pachaka.

Malamulo ena aikidwa kale. Kuyambira mu 2021 oŵedza ndi nyambo analamulidwa kugwiritsa ntchito mbedza yopindika mozungulira, imene imakola pakamwa m'malo momezedwa. Mu 2023 oŵedza mosangalala analetsedwa kutenga nsomba yotalika kuposa mainchesi 31, pofuna kupulumutsa zobadwa mu 2015, chaka chimene zinaswana bwino. Cholinga nchakuti nsombayi ikhale itachulukanso pofika 2029.

Ife tikuona kuti zimenezi nzosakwanira. Ku Maryland amaŵerenga tiana ta nsombayi chaka ndi chaka kuyambira mu 1954, ndipo kuchokera mu 2019 mpaka 2024 chiŵerengerocho chinali chotsika zaka zonse zisanu ndi chimodzi. Anthu ena akuti mlandu uli ndi nyengo, popeza chisanu chikachepa ndiponso madzi akapereŵera m'mitsinje tiana sitipulumuka tambiri. Zimenezo nzoona, koma sizimasula msodzi. Palibe boma limene lingalamule mvula kapena chisanu. Chimene lingalamule ndi dzanja la munthu. Ngati ana akubadwa ochepa, ndiye kuti make aliyense amene watsala ngofunika koposa kale.

Motero akuluakulu a Maryland ndi Virginia asadikire kuti zinthu zifike pamene zinafika mu 1983. Atseke usodzi wa nsombayi m'nyengo yonse yoswana ndi m'miyezi yotentha kwambiri, ndipo chiletsocho chikhudzenso iwo amene amagwira ndi kubwezera m'madzi. Eni mabwato onyamula alendo adzataya ndalama, monga anatayira asodzi a ukonde mu 1985, ndipo nkoyenera kuti boma liŵathandize m'miyezi imeneyo.