Kusadziwa kwathu si umboni wa mlaliki

Alaliki ena oyenda mumsewu wa Lichinga kupita ku Metangula ali ndi mfundo imene amaikonda kwambiri. Amati nzeru za munthu n'zoperewera, ngakhale pokwera chapa (minibasi) timangokhulupirira dalaivala, ndiye tilandire uthenga wawo osafunsa zambiri. Ine mfundoyi sindigwirizana nayo. Dalaivala timamudalira chifukwa tamuona akutsetsereka mapiri opita kunyanja, anthu n'kufika amoyo. Akangogubuduza galimoto, mawa lake tikwera ina. Kudalira kotereku kumayesedwa tsiku lililonse. Komanso kuno ku Maniamba, kumene Asilamu ndi Akhristu timagula pamsika umodzi, shehe angathe kunena mawu omwewo, sing'anga nayenso chimodzimodzi. Nanga kusadziwa kwathuko kukulozera bwanji ku Baibulo osati ku Korani? Tikumbukirenso kuti William Percival Johnson, wansembe wa Angilikani amene anatumikira m'mbali mwa nyanja ino mpaka imfa yake mu 1928, anavutika kumasulira Baibulo m'Chinyanja kuti anthu aziwerenga okha, ndipo mishoni ya Messumba inatsegula sukulu. Ana ochokera m'sukulu amafunsa mafunso, abusa, ndipo kuwauza kuti mitu yawo ndi yaing'ono sikuwayankha.