Maola 48 Amene Alendo Anapambana m'Makhoti a ku South Africa

Aliyense amene anakwerapo basi yopita ku Johannesburg adziwa dzina la Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene boma la South Africa limasungirako alendo amene lifuna kuwabweza kwao. Ambiri amene amafika kumeneko amagwidwa pamseu, ndipo kwa zaka zambiri mabungwe oteteza ufulu wa anthu akhala akudandaula kuti apolisi amasankha munthu poona kuda kwa khungu lace kapena pomva kalankhulidwe kace. Ngakhale nzika zenizeni za dzikolo zinagwidwapo motere.

Apa ndi pamene lamulo lakale linali kupweteka. Gawo 34 la lamulo la olowa m'dziko la 2002 linalola kutsekera munthu masiku 30 popanda kumuonetsa kwa woweruza, ndipo khoti inali kutha kuonjezera masiku 90 iye osaonekera. Wogwidwa molakwa analibe pofotokozera.

Bungwe la Lawyers for Human Rights linatengera nkhaniyi ku khoti, ndipo mu June 2017 khoti yaikulu yoona za malamulo oyendetsera dziko inagamula kuti mbali zimenezi zisemphana ndi malamulowo. Inalamula kuti womangidwa aonekere pamaso pa woweruza maola 48 asanathe, nipatsa Nyumba ya Malamulo miyezi 24 kuti ikonze lamulolo.

Miyeziyo inatha popanda cocitika. Boma litabwerera ku khoti mu 2023 kukapempha nthawi ina, oweruza anakwiya kwambiri, nalamula nduna ya panthawiyo, a Aaron Motsoaledi, kulipira gawo la ndalama za mlandu kucokera m'thumba mwao. Cilango cotere kwa nduna sicioneka kawirikawiri, ndipo cionetsa kuti vuto silinali kusowa kwa ciweruzo koma ulesi wa ocitsata.

Mu November 2025 khoti ya ku Johannesburg inapita patsogolo pa mlandu wa gulu la Operation Dudula, niweruza kuti munthu wamba alibe mphamvu yofunsa mnzace ciphaso. Nchitoyo ndi ya apolisi ndi a imigireshoni okha, ndipo naonso ayenera kukhala ndi cifukwa comveka comukayikira munthuyo. Cobvuta n'cakuti mlendo amene waimitsidwa pa siteshoni ya Park usiku alibe loya pafupi, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti maola 48 amenewa alipo.