Windows 11 ndi liwiro la kompyuta yakale

Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10. Kwa mwini laputopu yogwirapo kale ntchito ku Chowa, m'tauni ya Kabwe, funso ndi lakuti kodi kuika Windows 11 kungaifulumizitse. Kawirikawiri ayi. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, pomwe Windows 10 inkayenda ndi 2 GB, choncho makina ofooka amangolemedwa. Ambiri akale saivomera n'komwe, chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0. Masiku oyamba Windows 11 itangoikidwa, kompyuta imachedwanso pamene ikutsitsa zokonza ndi kusanja mafayilo, koma zimenezi zimatha zokha. Chimene chimasintha liwiro kwenikweni ndi kuchotsa hard disk yozungulira n'kuikamo SSD, kenako kuwonjezera RAM.