Za Ulimi: Mseu wa Golodi

Alimi anzanga, mwezi watha ndinakwera mseu wa Golodi, wochokera ku Chitimba kunyanja kunka ku Livingstonia. Uli ndi makhota akuthwa 20, ndipo Land Rover yathu inakwera ndi giya yoyamba, pena kubwerera m'mbuyo kuti ikhote bwino. Pamwamba munthu aona nyanja ndi mathithi a Manchewe, koma ine maso anali pa ngalande. Zambiri zakwiririka ndi dothi lochokera m'minda yopanda akalozera. Mvula ikadula mseu, mbeu zanu zidzatsika bwanji kumsika? Inu nonse akumapiri, limani mizere yopingasa, bzalani udzu wa vetiva, ndipo pemphani amfumu aitane anthu kukafukula ngalande mvula isanagwe.