Bambo Akasintha Khalidwe, Thamangirani ku Cipatala

M'makomboni a Kabwe monga Makululu, Katondo ndi Bwacha, munthu akayamba kuiwalaiwala anthu amati ndi ukalamba. Koma pali matenda ena a bongo amene sayamba ndi kuiwala. Amayamba ndi kusintha kwa khalidwe, ndipo kawirikawiri amagwira anthu a zaka zapakati pa 45 ndi 65, amene akali kusebenza ndi kulipirira ana sukulu. Dzina la matendawa ndi frontotemporal dementia, mwacidule FTD. Woyamba kuwafotokoza anali dotolo Arnold Pick wa ku Prague mu 1892. Mu 2023 banja la Bruce Willis, katswiri wa mafilimu ku America, linalengeza kuti iyenso ali nawo.

Bambo amene anali waulemu amayamba pang'onopang'ono kutukwana pamaliro, kugwira akazi a eni pamsika, kutenga katundu pakantemba osalipira, ndi kudya zotsekemera mopitirira. Mkazi wake akadwala, iye alibe nazo kanthu. Amai nawonso amadwala cimodzimodzi. Ena mau amawathawa, mpaka kulephera kuchula dzina la kapu. Abale amati wafuntha, wapeza cisumbali, kapena walodzedwa. Maganizo amenewa amacedwetsa thandizo.

Mbali ya bongo ya kumphumi ndiyo mabuleki a munthu, ndipo mbali za pafupi ndi makutu zimasunga mau ndi matanthauzo ake. Mu FTD, mapuloteni monga tau ndi TDP-43 amaunjikana m'maselo a mbali zimenezi mpaka maselowo kufa. Zigawo za bongo zimagwira nchito molumikizana ngati masiteshoni a njanji. Njanji ikaduka pakati pa Kabwe ndi Kapiri Mposhi, sitima sifika ku Ndola ngakhale siteshoni ya kumeneko ili bwino. Njira zimene zimayamba kuduka mu FTD ndi zija zonyamula manyazi, cifundo ndi kudziletsa.

Maselo a bongo amatumizirana uthenga ndi timadzi tapadera. Mwa odwala FTD, serotonin ndi dopamine zimacepa, koma acetylcholine, imene imacepa m'matenda a Alzheimer, sikhudzidwa kwenikweni. Ndiye cifukwa cake mankhwala a Alzheimer monga donepezil sathandiza, ndipo ena amaonjezera nawo kusokonezeka. Mankhwala okweza serotonin monga fluoxetine angacepetse kudya mopitirira ndi kubwerezabwereza zinthu. Mabanja otopa amakonda kupempha nyeleti yogoneka wodwala, koma haloperidol ndi chlorpromazine zimatsekereza dopamine imene yacepa kale, ndipo zingaumitse thupi ndi kugwetsa munthu. Mankhwala ocizira FTD palibe, koma kudziwa dzina la matenda kumateteza wodwala ku mankhwala olakwika.

Conco banja liyenera kuyamba ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca Kabwe. Kumeneko ayenera kupima HIV ndi kaswende, ndi kufunsa za mowa ndi sitoloko, pakuti zimenezi nazonso zimasintha khalidwe ndipo zina zili ndi mankhwala. Ngati pafunika akatswiri, kalata ya ku UTH kapena ku Chainama mu Lusaka imalembedwa. Wodwala apite ndi munthu amene amakhala naye, cifukwa mwini wake saona kuti wasintha. Anchito a zaumoyo nawo amvetsere mkazi akanena kuti mwamuna wake sali monga kale, m'malo momuuza kuti ndi nkhani za m'banja.

Kunyumba, ndalama za penshoni, makiyi a galimoto ndi mapepala a nyumba zisungidwe ndi munthu wokhulupirika wodwala asanagulitse zonse. Kukangana naye sikupindula, pakuti gawo la bongo lomva cidzudzulo ndilo lawonongeka. Aneba ndi a kumpingo auzidwe zoona, kuti asamumenye akalakwitsa pamsika. Lamulo la Witchcraft Act limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo Mental Health Act ya mu 2019 imateteza ufulu wa odwala m'maganizo. Ndalama zimene zikanapita kwa ng'anga zigulire wodwala cakudya, ndipo abale azisinthana kumusamalira kuti mkazi wake nayenso azipumako.